Bambo anali mkulu wa mpingo, pa maliro awo panatulukira ana ena

Mwana_Wachisamba
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za pa gulu pano osalemba kanthu, koma lero zandikwana. Bambo anga anatisiya mwezi wa Julaye. Anali mphunzitsi wopuma, ndipo anakhala mkulu wa mpingo zaka 26. Kupemphera anandiphunzitsa ndi iwo. Kwathu sitinkagona tisanawerenge Baibulo, magetsi akazima ankayatsa koloboyi n'kupitiriza. Anthu ankabwera pakhomo pathu kudzakonzetsa nkhani za m'banja. Atsikana angapo amene anatenga pakati asanakwatiwe anaimitsidwa mgonero bambo ali pa bwalo lomwelo.

Tsiku loika maliro kumudzi kunafika mayi wina ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 14 ndi mtsikana wa zaka 9. Sanasokose. Anangokhala kumbuyo kwa amayi anzawo pansi pa mtengo wa mango. Koma mnyamatayo nditangomuona, miyendo inazizira. Nkhope, kayendedwe, ngakhale mpata wa pakati pa mano, bambo anga enieni. Madzulo abambo aang'ono anatiitanira kuseri n'kunena kuti ana awa ndi abale anu. Pambuyo pake ndinamva kuti akulu a mpingo awiri ankadziwa kalekale.

Kuyambira tsiku limenelo sindinapondeko kutchalitchi. Ndikatsegula Baibulo ndimamva mawu a bambo akuwerenga, ndiye ndimangolitseka. Zoti Mulungu aliko sindikutsutsa. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti mapemphero onse aja anali chiyani? Inu amene munakumanapo nazo, chiyembekezo mumachitenga kuti pamene amene anakulozerani kwa Mulungu ndi yemweyo anakunamizani zaka 15?

Kabaza_Area25
Pepani achemwali. Koma musadabwe kwambiri, masiku ano maliro a bambo opanda alendo oterewa ndi owerengeka.

Nangondo_77
A Kabaza, munthu akulira inu mukuti asadabwe? Malungo amadwala anthu ambiri, koma akakugwira iwe sunjenjemera pang'ono chifukwa choti anzako anadwalapo.

Kabaza_Area25
Ndavomera mayi. Pakamwa pandithamangira.

Mlaliki_Wamng'ono
Mlongo wanga, Aroma 3:23 akuti onse anachimwa. Cholakwa chinali kuika maso pa munthu. Yang'anani Yesu, khululukirani bambo anu, Lamulungu likubwerali mubwerere kunyumba ya Ambuye. Satana akufuna akugwetseni kudzera pa nkhani imeneyi.

Tomasi_Wokayika
A Mlaliki, vesi limeneli mumalikumbukira akagwa ndi mkulu wa mpingo basi. Atsikana aja ataima pamaso pa bwalo mimba zikuoneka, ndani anawawerengera kuti onse anachimwa? Anawalengeza pa guwa, mayina awo n'kumveka mpingo wonse. Tchimo la mtsikana limaoneka pa miyezi isanu, la bambo wovala jekete limadikira maliro. Ndipo mukamuuza mlongoyu kuti cholakwa chinali kuika maso pa munthu, ndiye kuti mlandu mwaupereka kwa iye. Mwana wa zaka zisanu akaphunzira kupemphera kwa ndani ngati si kwa bambo ake?

Ine ndinasiya kupita kutchalitchi mu 2016 pa zifukwa zofanana ndi zimenezi, ndipo sindinadwalepo chifukwa chosiya.

Mlaliki_Wamng'ono
Achimwene, kudwala kwina sikumveka m'thupi.

Tomasi_Wokayika
Ndimadziwa kuti muyankha choncho.

Gogo_wa_Mvano
Mwana wanga, ndalemba pang'onopang'ono chifukwa foni iyi zala zanga sizinaizolowere. Ndili ndi zaka 71. Malemu amuna anga anali ndi mwana kunja, ndinadziwa mwanayo ali ndi zaka zitatu. Ndiye zimene ukumvazo sizachilendo kwa ine, ngakhale ine ndinazimva ngati mkazi, iwe ngati mwana.

Choyamba, usathamangire kukhululuka chifukwa anthu akukukakamiza. Chilonda ukachimanga mafinya ali m'kati chimatukusira. Ine anandiuza kuti ndikhululuke sabata yomweyo, ndinavomera pakamwa kuti akulu adzipita, koma kunena zoona zinanditengera zaka. Ndinkavala yunifolomu yanga yoyera, n'kumaimba pa maliro a anthu, mumtima muli mwala. Sindikunyadira zimenezo, ndikungonena mmene zinalili.

Chachiwiri, a Mlaliki akunena zoona theka. Mulungu si bambo ako. Koma n'zoonanso kuti mwana amayamba kumudziwa Mulungu m'mawu a kholo lake, ndiye kholo likagwa zimaoneka ngati kumwamba kwagumuka. Imeneyo si ntchito ya Satana, ndi chisoni basi.

Chachitatu ndi funso. Amayi ako wakhala nawo pansi? Mwalemba za inu, za abambo aang'ono, za akulu a mpingo, koma za mayi simunanenepo. Ife akazi timadziwa zambiri zimene ana athu amaganiza kuti sitidziwa.

Mwana_Wachisamba
Agogo, zikomo. Amayi sindinawafunse. Tsiku lija sanalankhule kanthu, ndipo mpaka lero tikaimbirana timangokamba za feteleza ndi za mwendo wawo. Ndikuopa kuwatsegula bala.

Gogo_wa_Mvano
Mwina nawonso akuopa kutsegula lako.

Mphunzitsi_Wopuma
Ndiloleni ndiyankhe funso lenileni limene mwana wathuyu wafunsa, loti mapemphero aja anali chiyani. Funso limeneli ndi lakale, ndipo linavuta Akhristu kuno ku Africa komwe.

M'chaka cha 303 mfumu ya Aroma Diocletian inalamula kuti mabuku opatulika a Akhristu atenthedwe. Atsogoleri ena a mpingo anakana n'kuzunzidwa, ena anachita mantha n'kupereka mabukuwo. Chizunzo chitatha, kumpoto kwa Africa kunabuka mkangano. Gulu lina, limene linadziwika ndi dzina la mtsogoleri wawo Donatus, linkati munthu amene anabatizidwa ndi mtsogoleri wogwa sanabatizidwe konse, ayenera kubatizidwanso. Mkanganowo unatha zaka zoposa 100. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero ndi dziko la Algeria, anatsutsa ganizo limeneli, ndipo mu 411 kunachitika msonkhano waukulu ku Carthage wokambirana nkhani yomweyi. Mfundo ya Augustine inali yakuti wobatiza weniweni ndi Khristu, munthu amangogwira madzi. Akanakhala kuti ubatizo umadalira kuyera kwa wobatiza, palibe akanadziwa ngati anabatizidwadi, popeza mtima wa m'busa palibe amauona.

Ndiye ine ndikuti mavesi amene bambo anu anakuwerengerani pa koloboyi sanasanduke bodza. Sanali awo. Iwo anangowanyamula, monga Paulo akunenera pa 2 Akorinto 4:7 kuti chuma ichi tili nacho m'zotengera zadothi. Mtsuko wapezeka kuti unali ndi mng'alu, koma madzi amene munamwa anali madzi.

Ndionjezepo kuti mwina bambo anu sankachita sewero popemphera. Munthu amatha kupemphera moona ndi kuchimwa moona tsiku lomwelo. Paulo yemweyo pa Aroma 7 akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachita, choipa chimene sakufuna ndiye amachita. Sindikuwayeretsa. Ndikungoti munthu wa mitima iwiri ndi wosiyana ndi munthu wopanda mtima.

Tomasi_Wokayika
Aphunzitsi, mbiriyo ndaikonda, sindinkaidziwa. Koma yayankha theka. Chabwino, madzi anali madzi. Nanga atsikana amene mtsuko womwewo unawaweruza? Nanga akulu awiri aja amene ankadziwa n'kumagawa nawo mgonero? Apa nkhani yaposa kufooka kwa munthu mmodzi. Panali kubisirana. Mpingo umene umabisa za akuluakulu n'kumalengeza za ana a amphawi uli ndi mlandu wakewake.

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo sindikutsutsani. Natani sanapite kwa Davide kukanena kuti onse anachimwa. Anamufotokozera za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, Davide atapsa mtima, Natani anamuloza kuti munthuyo ndi inu. Zili pa 2 Samueli 12. Akulu awiri aja ntchito ya Natani anaithawa. Ndipo onani kuti amene analemba Baibulo sanafufute nkhani ya Davide ndi Uriya, ngakhale Davide anali mfumu yawo yokondedwa. Ife ndi amene timafufuta.

Nachisale_wa_Limana
Kwathu ku Katolika nkhani yobisira atsogoleri yatipweteka dziko lonse lapansi, ndiye sindiloza mpingo wa wina chala. Koma mpingo womwewo ndi umene pa 8 Malichi 1992 unawerenga kalata ya maepiskopi m'matchalitchi onse, nthawi imene kutsutsa boma kunali kuika moyo pachiswe. Ndinali mtsikana, ndimakumbukira mmene tchalitchi chinakhalira zii. Ndiye ine ndimauona mpingo ngati munthu: tsiku lina wolimba mtima, tsiku lina wamantha.

Mjomba_wa_Ndirande
Ine zanga n'zakuti, mchimwene wanga anamwalira chaka chatha, ankamwa kachasu, aliyense ankadziwa. Mpingo unakana kuimba pa maliro ake ati anali pa chilango. Tinamuika ngati nkhuku, amayi athu mpaka lero amalira nkhani imeneyo. Ndiye bambo anuwo, achemwali, anaimbiridwa?

Mwana_Wachisamba
Anaimbiridwa. Makwaya anayi, abusa atatu.

Mjomba_wa_Ndirande
Mwaona? Wobisa amapita ndi makwaya, woonekera amapita chete.

Nangondo_77
Komanso maliro a masiku ano atopetsa. Bokosi, galimoto, matumba a chimanga, nkhuni, ndiwo, pamapeto pake anthu n'kumadandaula kuti nyama inachepa. Chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 mitengo ya mabokosi ndiye yapenga. Ife a banki m'khonde yathu tinachita kuyambitsa thumba lapadera la maliro.

Kabaza_Area25
Ena amabwerera nsima basi. Ndimawanyamula ine, panjira amafunsa kuti kodi wamwalira ndani.

Mjomba_wa_Ndirande
Kikiki a Kabaza inu.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mabokosi titsegulira pena. Mlongo wathu wafunsa za chiyembekezo. Komanso amene mwatumiza nambala ya mneneri wogulitsa madzi odzozedwa, ndachotsa. Pano si pa msika.

Wa_ku_Chilobwe
Nkhani yanga ndi yosiyana, koma mwina ithandiza. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinatenga nyumba yathu usiku. Ndinataya mkazi wanga ndi mwana wathu wamng'ono. Dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa, koma ukakhala kuti wataya ako, nambala imeneyo siikuuza kanthu.

Tili pa kampu ku sukulu anthu ankabwera ndi mavesi. Wina anati Mulungu anali ndi cholinga. Wina anati anthu a m'phiri tinachimwa podula mitengo ndi kumanga malo oletsedwa. Za mitengozo mwina n'zoona, koma mwana wanga wa zaka zinayi anadula mtengo uti? Ndinawaona anzake a Yobu ndi maso anga. Ndipo kumbukirani kuti anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba okha, pamene anakhala naye pansi osalankhula. Atatsegula pakamwa ndi pamene analakwitsa, mpaka Mulungu anawadzudzula kumapeto.

Chimene chinandigwira ine si ulaliki. Mayi wina wa mpingo wosakhala wanga ankandibweretsera phala m'mawa uliwonse, osanena kanthu. Kenako mkulu wina anandionetsa Salimo 88. Achemwali, kaliwerengeni. Masalimo ambiri odandaula amathera pa kutamanda, koma limeneli ayi, limayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima. Ndinadabwa kuti pemphero lotere analisiya m'Baibulo. Ndinaganiza kuti ngati Mulungu analola kuti likhalemo, ndiye kuti munthu wokwiya, wosaona kuwala kulikonse, akadali m'nyumba. Miyezi isanu ndi umodzi pemphero langa linali limenelo basi.

Sindinganene kuti ndinachira. Mvula ikayamba usiku ndimadzuka n'kukhala pa mpando mpaka kucha. Koma ndimakhulupirira kuti manda aja si mawu otsiriza, chifukwa Yesu amene analira pa manda a Lazaro ndi yemweyo anatuluka m'manda ake. Ndipo anatuluka mabala akadali m'manja, sanawabise. Chiyembekezo changa n'chaching'ono choncho.

Tomasi_Wokayika
Achimwene, kwa inu ndilibe choyankha. Pepani kwambiri.

Namwino_wa_Usiku
Achimwene a ku Chilobwe, kudzuka mvula ikamagwa kumeneko ndi chizindikiro chodziwika kwa anthu amene anaona zoopsa, ndipo thandizo lake lilipo. Inunso achemwali, mukulira maliro awiri nthawi imodzi: bambo amene anafa, ndi bambo amene munkawadziwa amene mwapeza kuti sanali momwemo. Ngati tulo tikusowa kwa masabata ambiri, kapena chakudya sichikulowa, kaonaneni ndi aphungu a za maganizo. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo m'zipatala za maboma mumapezeka ogwira ntchito za matenda a maganizo. Kupita kumeneko si kusowa chikhulupiriro. Munthu wothyoka mwendo timamupempherera akupita kukaikidwa chikhakha.

Wa_ku_Joni
Ndalemba n'kufufuta katatu. Ndinene basi. Ine ndine bambo wotero. Mkazi wanga ndi ana atatu ali kumudzi, ine ndili ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chinayi. Kuno ndili ndi mwana wa zaka zinayi. Kwathu sadziwa. Ndalama ndimatumiza mwezi uliwonse osaphonya, malata a tchalitchi cha kwathu ndinasonkha nawo, ndikapita pa Khirisimasi amandipatsa mpata wopereka moni kutsogolo.

Achemwali, sindikuwadziwa bambo anu, koma ndikuuzeni mmene zimakhalira m'kati. Umayamba ndi kunena kuti ndiulula mwezi wa mawa. Kenako umati ana ayambe alemba mayeso. Kenako umati mayi akudwala BP, ndingawaphe. Chaka chikapita bodza limakula, mtengo wa kuulula nawo umakwera. Ndimapemphera, ndipo sindinamiza ndikamapemphera. Salimo 51 ndimalidziwa pamtima. Koma ndikafika pamene akuti mundilengere mtima woyera, ndimadziwa chimene chikufunika, ndiye ndimatseka buku.

Nditawerenga za mnyamata pansi pa mtengo wa mango ndaona mwana wanga.

Nangondo_77
Ndiye mukufuna tikuombereni m'manja? Mkazi wanu akulima, akulera ana anu, akusunga ulemu wanu kumudzi, inu mukuloweza masalimo. Mwaulula kwa ife anthu osakudziwani chifukwa n'kosavuta. Kaululeni kumene kukupweteka.

Wa_ku_Joni
Simunalakwitse mayi.

Mlaliki_Wamng'ono
Achimwene, mukalapa Mulungu akhululuka lero lomwe.

Mphunzitsi_Wopuma
Akhululuka, inde. Koma Zakeyu atalapa anatulutsa ndalama n'kubweza kwa amene anawabera. Kulapa kumene sikufika pakhomo pa wolakwiridwa kumakhala kokayikitsa. A ku Joni, musachite pa foni. Pitani kwanu, muyambe mwakhala pansi ndi ankhoswe, konzekani kuti mkazi wanu akhoza kukana kukulandirani, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Koma musamusiyire mwana wanu ntchito yodziulula yekha pa maliro anu.

Pansi_pa_Mango
Dzina ili ndalisintha lero chifukwa cha nkhani ino. Ine ndinali mwana wotero. Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 12. Amayi anandiveka diresi langa la kutchalitchi, tinakwera minibasi, tinakakhala kumbuyo ngati mmene mwafotokozeramo. Sindinaloledwe kuona nkhope. Pa mbiri ya malemu anawerenga kuti asiya ana asanu, ine ndinawerenga ndi zala, ndinapeza kuti palibepo ine. Ndili ndi zaka 38 tsopano koma chiwerengero chimenecho sindinachiiwale.

Achemwali, mkwiyo wanu ndi woyenera, sindikuuchepetsa. Koma ndikuuzeni za mbali inayo. Inu munali ndi bambo owerenga Baibulo usiku uliwonse. Ife tinali ndi bambo obwera Loweruka masana, osagona, amene tikakumana nawo pa msika tinkauzidwa kuti tisawaitane. Inu mwataya bambo amene munkawadziwa. Mnyamata uja sanakhale nawo n'komwe mokwanira, ndipo amadziona ngati iye ndiye tchimo loyenda ndi miyendo.

Ine ndinabwerera kwa Mulungu kudzera kwa Hagara. Werengani Genesis 16 ndi 21. Abrahamu, kholo la chikhulupiriro, anampatsa mkate ndi thumba la madzi n'kumuthamangitsa ndi mwana wake. Madzi atatha m'chipululu, Hagara anaika mwanayo pansi pa chitsamba n'kukakhala patali kuti asaone akufa. Ndipo Baibulo likuti Mulungu anamva mawu a mnyamatayo pomwe analipo. Hagara yemweyo ndi amene anamutcha Mulungu kuti ndi Mulungu wondiona. Nditawerenga ndinalira, chifukwa ndinaona kuti Mulungu amawerenga ana mosiyana ndi mmene amawerengera pa mbiri ya malemu.

Abale anga a kunyumba yaikulu, mmodzi yekha ndi amene anandifunafuna, patapita zaka 11. Sitinakhale mabwenzi apamtima, tisanamizane. Koma pa ukwati wanga anabwera n'kukhala kumbali ya akuchikazi.

Gogo_wa_Mvano
Mwana wanga wa pansi pa mango, wandiliza. Mwana wa amuna anga uja ndinamukana zaka zambiri. Lero ndi amene amandigulira mankhwala a shuga.

Tomasi_Wokayika
Nkhani ya Hagara ine ndimaiwerenga mosiyana. Mulungu yemweyo ndi amene anauza Abrahamu kuti amvere Sara. Ndiye anamupulumutsa m'chipululu chimene analola kuti alowemo.

Pansi_pa_Mango
Ndinaziona zimenezo, ndipo zimandivutabe. Sindinapeze yankho. Koma chitsime chinalipo, ndipo mwanayo anakula.

Kalaliki_wa_Khoti
Pang'ono za malamulo, chifukwa nkhani zotere zimathera pa katundu. Gawo 23 la Malamulo Aakulu a dziko lino likuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 nalonso limawerenga mwana wobadwa kunja kwa banja ngati mwana wa malemu, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Ngati bambo sanasiye wilo, ana awiriwo ali ndi gawo lawo pamodzi ndi amayi anu ndi inu. Ndi bwino mukambirane pa banja n'kupita limodzi ku ofesi ya DC kapena kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye, kusiyana n'kudzakumana kukhoti mutatukwanizana kale.

Mjomba_wa_Ndirande
Apa ndiye chikhristu chimaonekera, pa katundu. Kuimba aliyense amaimba.

Mwana_Wachisamba
Ndabweranso. Ndawerenga zonse, zina kangapo. Loweruka ndinapita kumudzi monga agogo ananenera. Ndinawapeza amayi akusola chimanga, ndinakhala nawo n'kumasola. Ndinachita kuzungulira mpaka iwo anati, funsa chimene wabwerera.

Ankadziwa. Anadziwa mnyamatayo ali wakhanda. Anakadandaula kwa mmodzi wa akulu awiri aja, iye anawauza kuti apirire, nkhani ikatuluka dzina la Ambuye linyozeka. Ndiye anapirira zaka 14. Ndinawafunsa ngati anawakhululukira bambo. Anati, sindikudziwa, ndinkangowaphikira. Ndinafunsa kuti nanga mapemphero a usiku aja ankawamva bwanji. Anati bambo ako akamawerenga ine ndinkamvera Mwini mawu, wowerengayo ndinkamusiya. Anatinso mwezi womaliza kuchipatala bambo analira n'kupempha kuti ana aja asadzatayidwe, koma kuitana ife ana awo kuti atiuze okha anakana mpaka mpweya unatha. Zimenezi zandikwiyitsanso kwambiri. Anali ndi mwezi wathunthu.

Amayi akuti ana aja sakufuna kuwaona, ndipo sindiwakakamiza. Koma sanandiletse ine. Abambo aang'ono andipatsa nambala ya mayi uja, akuti mnyamatayo ali Fomu 1 ndipo fizi ya teremu ino sinalipidwe. Nambalayo ili mu foni masiku anayi tsopano.

Kutchalitchi sindinapite. Salimo 88 ndawerenga, achimwene a ku Chilobwe, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinamve mawu a bambo, chifukwa limeneli sanatiwerengerepo.

Mlaliki_Wamng'ono
Mlongo, ndinathamanga poyankha tsiku lija. Mundikhululukire. Ndikupemphererani, za Lamulungu sindikukakamizaninso.

Tomasi_Wokayika
Mkulu amene anauza amayi anu kuti apirire akadali pa udindo?

Mwana_Wachisamba
Akadali. Ndi amene anawerenga mbiri ya malemu. Ndikuganiza zolembera abusa kalata, koma ndiyambe ndafunsa amayi, chifukwa amene azikumana naye Lamulungu lililonse ndi iwo, ine ndili kutauni.

Wa_ku_Joni
Ndagula tikiti ya basi ya pa 14 Disembala. Ndawaimbira atsibweni kuti ndili ndi nkhani. Sindinanene kuti ndi yotani.

Nangondo_77
Mukafike. Musakathere pa Mwanza n'kusintha maganizo.

Mwana_Wachisamba
Funso lina, mwina lopusa. Ndikawaimbira mayi aja, ndiwatchule kuti ndani? Kuti amayi pakamwa pakukana. Dzina lawo lokha ndiye ngati ndikuwanyoza, ndi aakulu kwa ine.

Gogo_wa_Mvano
Atchule ndi dzina la mwana wawo woyamba, amake uje, monga timachitira ndi mayi aliyense. Uyambe ndi kufunsa mmene ana adzukira. Za fizi zibwere pambuyo, angaganize kuti ukuwagula.

Pansi_pa_Mango
Ndipo mnyamatayo akabwera pa foni, mumuuze dzina lanu. Mwina amalidziwa kale. Ine mayina a abale anga onse asanu ndinkawadziwa, ndi makalasi amene anali.

Kabaza_Area25
Achemwali, ngati akukhala mbali ya Lilongwe kuno, tsiku lopita mundiuze. Ndikakusiyani pakhomo, mafuta okha mundithandize.